Kaiti ikamazungulira n'kudzibaya mumchenga, musathamangire kuwonjezera mchira

Loweruka lina m'mwezi wa Julayi ndinatsikira kugombe la ku Makawa nditanyamula kaiti imene ndinaisoka madzulo atatu otsatizana. Nsalu yake ndinaichotsa ku maambulera awiri othyoka, ina yofiira ina yachikasu. Mwana wa mlongo wanga anaigwira m'mwamba, ine n'kukoka chingwe. Inakwera bwinobwino mpaka kupitirira nsonga za migwalangwa, kenako inapendekera kumanzere, n'kuzungulira kawiri, n'kubwera chamutu mumchenga, thi!

"Amalume, mchira wachepa," anatero mnyamatayo. Tinang'amba chitenje chakale n'kuwonjezera. Inagwanso. Tinawonjezeranso mpaka kaitiyo inayamba kukanika kunyamuka pansi chifukwa cha kulemera. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa, poti ntchito ya manja ako ikakana pamaso pa ana, tulo sitibwera msanga.

Vutoli aliyense wosoka makaiti amakumana nalo, ndipo limabwerezabwereza. Chimene ndaphunzira m'zaka zimene ndakhala ndikuchita izi n'chakuti kaiti imanena yokha pamene pavuta, kudzera m'kagwedwe kake. Choncho musanagwire lumo kapena mpeni, iulutseni katatu, muzingoyang'ana. Funso ndi limodzi: kodi ikugwera mbali yomweyomweyo nthawi zonse, kapena mwina kumanzere mwina kumanja? Yankho lake ndilo likuuzeni ngati vuto munalisokera kunyumba kapena mwalipeza kugombe.

Kaiti imene ndikunena pano ndi ya ngodya zinayi ija. Ili ndi ndodo ya msana yotalika masentimita 100 ndi ndodo yopingasa yotalika chimodzimodzi, zonse za nsungwi, zodutsana pa masentimita 19 kapena 20 kuchokera kumutu. Ndodo yopingasayo imakungidwa ndi chingwe kumbuyo ngati uta. Kapangidwe kameneka kanatchuka ndi William Eddy wa ku America, amene anakalembetsa m'dzina lake mu 1900, ndipo ubwino wake ndi wakuti ikapangidwa molondola imauluka ngakhale popanda mchira. Chingwe chachifupi chimene chimamangidwa podutsana ndodo ndi kumunsi kwa msana ndizichitchula kuti chingwe cha pachifuwa. Pa chingwe chimenecho pamakhala kamphete kamene mumamangirirapo chingwe chachitali choulutsira.

Ikamagwera mbali imodzi nthawi zonse

Apa musavutike ndi mphepo. Phiko limodzi likusiyana ndi linzake, kaya kukula, kaya kulemera, kaya kulimba. Otsala oti muwafunse ndi awiri okha: nsungwi ndi nsalu.

Njira yowasiyanitsa ndi yosavuta, ndipo mungathe kuichita muli chikhalire pamchenga. Solani ndodo yopingasa, muitembenuze kuti nsonga imene inali kumanzere ipite kumanja, n'kuulutsanso. Kaiti ikayamba kugwera mbali ina, wolakwa ndi nsungwi. Ikapitiriza kugwera komwe kuja, wolakwa ndi nsalu.

Nsungwi sikhala yofanana kuchokera kutsinde mpaka kunsonga. Chakutsinde imakhala yokhuthala ndi youma mtima, chakunsonga yofewa, ndipo pamfundo iliyonse imalimba kuposa pakati. Mukaipinda ngati uta, mbali yofewayo imapindika kwambiri, mphepo n'kumapulumukira kumeneko. Gwirani nsonga zonse ziwiri, muipinde patsogolo pa maso anu moyang'ana kumwamba, ndipo muone ngati utawo ukufanana uku ndi uku. Mbali imene yaumirira ipaleni pang'onopang'ono ndi mpeni, koma muzipala mkati mofewa muja, osati khungu losalala la kunja, chifukwa mphamvu ya nsungwi ili m'khungumo. Mukatha iikeni pachala pakatikati penipeni. Ikalemera mbali imodzi, palaninso. Ine masiku ano ndimang'amba timizere tiwiri toyandikana kuchokera pa nsungwi imodzi, n'kutilumikiza pakati matsinde atakumana, kuti phiko lililonse liyambe ndi pokhuthala n'kuthera popyapyala. Nsungwi yaiwisi isiyeni iyambe yauma pamthunzi. Yaiwisi imapindika m'mene ikufunira dzuwa la ku Mangochi likaiwomba.

Kaiti yanga yofiira ndi yachikasu ija, nditatembenuza ndodo, inagwerabe kumanzere. Nditafika kunyumba ndinachotsa ndodo zonse, n'kupinda nsaluyo pamzere wa msana kuti mapiko agonane. Ngodya ya kumanzere inapitirira inzake ndi masentimita awiri. Komatu podula ndinadula zofanana, ndi pepala limodzi la muyezo. Ndinapita nayo kwa atelala ena achikulire amene amasokera pakhonde la sitolo pafupi ndi msika, ndipo iwo sanachedwe. Anaikoka nsaluyo motsata ulusi wake, sinatambasuke. Anaikoka mopingasa, chimodzimodzi. Atangoikoka chopendekera, kuchokera pangodya kupita pangodya, inatambasuka ngati mphira.

"Achimwene, nsalu ili ndi njira yake," anatero. "Chidutswa chofiirachi mwachidula motsata njira, chachikasuchi mwachidula chopendekera. Ndiye posoka mpendero mwachikoka. Chikanalekeranji kutalika?"

Pamenepo m'pamene pagona vuto la makaiti ambiri osokedwa, ndipo ndi pamene anthu safufuzapo chifukwa ndi maso sipaoneka. Nsalu ya ambulera imabwera m'zidutswa za ngodya zitatu, ndiye pozilumikiza n'kosavuta kusokoneza njira ya ulusi. Phiko la kumanzere ndi la kumanja ayenera kukhala ngati munthu ndi chithunzi chake pagalasi, mpaka m'mene ulusi wa nsaluyo ukulowera. Ngati muli ndi nsalu yaikulu, monga jekete yamvula ya pakaunjika, ipindeni pawiri n'kudula mapiko onse nthawi imodzi. M'mphepete mwa kaiti ya ngodya zinayi nthawi zambiri mumagwera chopendekera, ndiye kuti musatambasuke lowetsani twaini wopyapyala mkati mwa mpendero, kapena sokereranimo kaliboni kosatambasuka.

Palinso china chimene atelala aja anandionetsa. Mano a makina amakoka nsalu ya pansi mofulumirirapo kuposa ya pamwamba, makamaka ikakhala yoterera. Mukasoka mpendero mozungulira kaiti yonse ulendo umodzi, mbali ina mumatsika, mbali inayo mumakwera, ndipo kukokekako kumasiyana. Sokani mbali zonse ziwiri kuyambira kumutu kutsikira kumunsi. Dzanja lanu lizingoongolera, lisamakoke. Nsalu ikamaterereka kapena makina akamadumpha, yalani pepala la nyuzipepala pansi pake, musokere limodzi, n'kuling'amba pambuyo. Ndinasula mpendero wa kumanzere uja ndi lezala usiku womwewo, n'kuusokanso motero. Loweruka lotsatira kaitiyo inaima m'mwamba osagwedera, ndi kamchira ka mamita awiri basi.

Musanachite zonsezi, yang'anani kaye zazing'ono. Timatumba ta m'ngodya momwe mumalowa nsonga za ndodo timadzaza mchenga kaiti ikagwa, ndipo mchenga wonyowa wa m'kathumba kamodzi ndi wokwanira kuipendeketsa. Phiko limodzi likakhudza madzi, dikirani liume. Onaninso ngati msana sunasunthe kuchoka pakati, komanso ngati mchira mwaumanga pakati penipeni.

Ikamazungulira uku ndi uku

Iyi ndi nkhani ina. Kaiti ndi yofanana bwino, koma mphepo ikuiposa mphamvu, kapena ikuilandira molakwika. Poyambira ndi pakamphete ka pachifuwa.

Kamphete kameneka ndi kamene kamasankha m'mene kaiti ipendekere poyang'anizana ndi mphepo. Kakatsika kwambiri kulowera kumchira, kaiti imaima chilili, n'kumalandira mphepo yonse pachifuwa. Mudzaimva ikukoka mwamphamvu m'manja koma osakwera, ikupukusa mutu, kenako n'kuzungulira. Kakakwera kwambiri kulowera kumutu, kaiti imagona chafufumimba, nsalu imayamba kupupuma ngati mbendera, chingwe chimalefuka, ndipo nthawi zina imathamangira pamwamba pa mutu wanu n'kugwa chamutu. Ndiye mverani chingwe. Chikamakoka kwambiri, kwezani kamphete. Chikamalefuka nsalu ikupupuma, katsitseni. Mphepo ikakula masana, kamphete kamafuna kukwezedwa pang'ono, ndipo ikachepa chakumadzulo kamafuna kubwezedwa.

Poyesa koyamba, inyamuleni kaitiyo pogwira kamphete, nkhope yake itayang'ana kumwamba, kumunsi kwake kukukhudza pansi. Pa kaiti ya masentimita 100, mutu ukhale m'mwamba masentimita 30 kapena kuyandikira pamenepo. Awo ndi malo oyambira chabe. Lembanipo ndi bolopeni, ndipo posuntha muzisuntha theka la sentimita, osapitirira sentimita imodzi. Anthu ambiri amasuntha chikhatho chathunthu, n'kudumpha malo abwinowo osadziwa.

Koma pali vuto lina lobisika limene linandizunza nyengo yathunthu. Ndinkakonza kamphete, kaiti n'kuuluka bwino mphindi zisanu, kenako n'kuyambanso misala yake. Twaini wa nayiloni amene timagula m'masitolo a zipangizo za asodzi ndi woterera, ndiye kamphete kankatsetsereka kokha mphepo ikakoka. Amene anandithandiza ndi bambo wina amene ankasoka ukonde wake pansi pa mtengo, akundiyang'ana ndikuvutika. Anandiitana, n'kutenga kachidutswa ka twaini, n'kukamanga kukhala kalupu. Kalupuko anakakulunga kawiri pa chingwe cha pachifuwa asanakalowetse mkati mwa iko komwe, n'kukoka. Mfundo yotero ikakokedwa imaluma, koma mukaimasula ndi zala imasuntha. Chizindikiro cha bolopeni chija chimakuuzani nthawi yomweyo ngati yasuntha.

Kamphete kakakhala pabwino koma kaiti ikupukusabe, yang'anani uta. Pa ndodo ya masentimita 100, mpata wa pakati pa ndodo ndi chingwe chokungira ukhale masentimita 10, ndipo mimba ya utawo iyang'ane kwa inu woulutsa. Utawo ndi umene umaibweza kaiti pamzere. Ikatembenukira mbali ina, phiko limodzi limayang'anizana ndi mphepo mokwanira pamene linalo limaizemba, ndiye lolandira mphepo yambirilo limakankhidwa kubwerera. Kaiti yathyathyathya ilibe mphamvu imeneyi. Chingwe chokungira chimalefuka pakapita nthawi, choncho yezani ndi zala musanaulutse. Mphepo ikakula, kungani kuti mpata ufike masentimita 12 kapena 13.

Chinanso chimene osoka bwino amalakwitsa chifukwa cha luso lawo lomwe: amaikunga nsalu kuti gwa ngati chikopa cha ng'oma. Kaiti ya uta imafuna nsalu yolefukirako pang'ono kumunsi kwa ndodo yopingasa, kuti mphepo ipange timatumba tiwiri uku ndi uku, msana n'kutsala pakati ngati mphuno ya bwato yong'amba madzi. Ikakungika kwambiri, fupikitsani ndodo yopingasa ndi theka la sentimita mbali iliyonse.

Tsopano m'pamene tingakambe za mchira. Mchira umagwira ntchito pokokedwa ndi mphepo, osati polemera. Ndaonapo ana akumangirira kamwala kapena chidutswa cha patapata kumapeto, koma zimenezo zimangoisandutsa kaiti kukhala chinthu cholendewera chimene chimapita uku ndi uku mowonjezereka. Wabwino ndi wautali ndi wopepuka: timizere ta nsalu ya ambulera yomweyo, totambalala masentimita atatu kapena anayi. Kaiti yopanda uta imafuna mchira wotalika kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa iyo mwini. Ya uta imafuna wochepa, mwinanso osaufuna. Chitenje n'chokongola, koma chikangokhudza madzi chimalemera, ndipo kugombe mchira sulephera kukhudza madzi.

Mphepo ya kunyanja kuno

Nthawi zina kaiti ilibe mlandu uliwonse. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera kuchokera kummwera chakum'mawa, ndipo ndiyo nyengo imene ambiri timatulutsa makaiti. Koma mwera uli ndi masiku ake. Mphamvu imene mphepo imakankhira nsalu simakula mofanana ndi liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, kukankhako kumawirikiza kanayi. N'chifukwa chake kaiti imene inauluka mwaulemu dzulo lero ikuthyola ndodo. Kaiti ya nsungwi ndi nsalu ya ambulera imakondwa ndi mphepo ya makilomita 10 mpaka 25 pa ola. Simufunika chipangizo choyezera, nyanja imakuonetsani. Mafunde akamachita thovu loyera apa ndi apo, ndi nthawi yabwino. Nyanja yonse ikayera, mchenga n'kumakulasani m'miyendo, asodzi atakokera mabwato kumtunda, pindani kaiti yanu. A zanyengo akachenjeza pawailesi za mwera wamphamvu panyanja, chenjezolo ndi lathunso.

Kumene mphepo ikuchokera n'kofunika kuposa kukula kwake. Yochokera panyanja imafika yosalala chifukwa sinagunde kanthu. Yochokera kumtunda imadutsa m'malambe, m'migwalangwa, m'madenga a malo ogona alendo, n'kufika ili yophwanyikaphwanyika, ikubwera mwamagulu. Chipwirikiti chimenechi chimafika kutali, mtunda wokwana kasanu ndi kawiri mpaka kakhumi kutalika kwa chotchingacho. Mlambe wa mamita 15 ungathe kukusokonezerani mphepo mpaka mamita 150 kuseri kwake, kumene mphepo ikulowera. Amene anayesapo kuulutsa kwa Chembe ku Cape Maclear nthawi ya mwera akudziwa: gombelo lili kuseri kwa mapiri, ndiye mphepo imatsika mozungulira, kaiti yabwinobwino n'kumachita ngati yolodzedwa. Masiku opanda mwera dikirani dzuwa likwere. Mtunda ukatentha, kamphepo kamayamba kuchokera panyanja, ndipo kameneko ndiko kokoma koposa. M'mamawa kwambiri kamakhala kakuchokera kumtunda. Mu Okutobala samalani ndi akamvuluvulu a masana, ndipo mitambo ya mvula ikayamba kuunjikana, tsitsani kaiti musanamve n'komwe bingu. Chingwe chonyowa m'manja pansi pa mphenzi si chinthu choyesera.

Posankha malo, yang'anani kumene kaiti ingakagwere chingwe chitaduka. Kukakhala mawaya a magetsi, sunthani. Ikakodwa pa waya, isiyeni pomwepo, musaikoke kapena kuitokosa ndi nsungwi, ndipo dziwitsani a ESCOM. Musagwiritse ntchito waya ngati chingwe. Talikiraninso bwalo la ndege ngati la ku Makokola, komanso mathandala a usipa ndi maukonde oyanikidwa, chifukwa pamenepo pali chakudya cha mabanja a anthu.

Manja anu

Kaiti zambiri zimagwa chifukwa cha woulutsa. Kuthamanga nayo kumaigwedeza, ndipo pafupi ndi pansi m'pamene mphepo imakhala yoipitsitsa. Mnzanu apite nayo mamita 20 kapena 30 kumene mphepo ikulowera, aigwire mutu uli m'mwamba, ndipo aisiye mphepo ikafika. Asaiponye. Inu muzikoka chingwe dzanja ndi dzanja mpaka ikwere pamene pali mphepo yosalala.

Ndipo ichi chigwireni: mukakoka, kaiti imathamangira kumene mutu wake waloza. Ikatembenuka n'kuloza pansi, thupi lonse limakuuzani kuti kokani, koma kukokako ndiko kumaikhomera mumchenga. Lekererani chingwe, pitani patsogolo masitepe awiri atatu. Ikasowa chokoka imayandama, kumunsi kwake n'kutsika, mutu n'kuyang'ananso kumwamba. Pamenepo ndiye kokani. Mwana wa mlongo wanga anazigwira tsiku limodzi, pamene ine zinanditengera nthawi, poti dzanja la munthu wamkulu limafulumira kuumirira.

Ikamakana kukwera ngakhale zonse zili bwino, kawirikawiri ndi kulemera. Nsungwi ya kaiti ya kukula uku isapitirire kunenepa kwa pensulo, ndipo kunsonga ipyapyale. Onaninso chingwe choulutsira: chikamapanga mimba yaikulu yolendewera pansi, ndi chonenepa kwambiri, pezani twaini wopyapyala. Chokulungirapo chikhale kathabwa kapena chitini, osati chala, chifukwa twaini wa nayiloni amacheka mnofu mphepo ikakoka mwadzidzidzi.

Za kung'ambika ndinene mwachidule. Ikamang'ambika motsata msoko, misoko yanu ndi yaing'ono kwambiri, yaboola nsalu ngati pepala la lisiti. Talikitsani kuti msoko uliwonse ukhale mamilimita atatu kapena anayi, ndi singano yopyapyala, nambala 12 kapena 14, ndi ulusi wa poliyesita. Ikamang'ambika m'ngodya, sokererani zigamba ziwiri pamenepo musanaike timatumba, ndipo nsonga za nsungwi muzisalaze. M'mphepete mwa nayiloni mukamasosoka, mudutsitseni mofulumira pafupi ndi lawi la kandulo kuti ulusi umatane.

Pokonza zonsezi, sinthani chinthu chimodzi, ulutsani, onani, kenako china. Mukasuntha kamphete, n'kukunga uta, n'kuwonjezera mchira nthawi imodzi, kaiti ikhoza kuuluka, koma sabata yamawa ikadzayambanso simudzadziwa pogwira.

Pochoka kugombe tolani twaini yense woduka, ngakhale kachidutswa. Amakola miyendo ya mbalame za m'madzi ndi mbuzi zobwera kudzamwa, ndipo saola. Mukafika kunyumba masulani chingwe cha uta, solani ndodo yopingasa, kutumulani mchenga wa m'timatumba, ndipo nsaluyo muiyanike pamthunzi, poti dzuwa limadya nayiloni. Nsungwi ikagona sabata yathunthu ili chikungire, makamaka itatsamira khoma mbali imodzi, imauma mokhota, ndipo kaiti imene munaisiya ili bwino mudzaipeza ikugwera kumanzere. Ndodozo zimangeni pamodzi ndi kansalu, muzigoneke pamalo athyathyathya, monga pansi pa bedi kapena pamwamba pa kabati.